Mfumu ya mnzanu ili pamtetete koma mukuluzabe gemu: vuto lili pati?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mnyamata wina wa ku Zomba amene wakhala akusewera chess m'mipikisano kwa zaka ziwiri. Ndaifupikitsa pang'ono, koma ma move ndawasiya momwe anawalembera. Kwa amene simunazolowere kalembedweka, K ndi mfumu, Q ndi queen, R ndi rook, B ndi bishopu, N ndi hatchi; x ndi kudya, + ndi cheki, ndipo O-O kapena O-O-O ndi castling, kubisa mfumu pambali n'kutulutsa rook.

"Aphunzitsi, ndithandizeni. Pampikisano wapitawu, mu round yachinayi, ndinali ndi zoyera. Zinayenda motere: 1.e4 e5 2.Nf3 Nc6 3.Bc4 Nf6 4.Ng5 d5 5.exd5 Nxd5 6.Nxf7 Kxf7 7.Qf3+ Ke6. Mfumu yake itafika pa e6, mumtima ndinati gemu yatha. Ndinamenya 8.Qh3+ Ke7 9.Qh4+ Ke8 10.Qh5+ g6 11.Qf3 Be6, kenako macheki anandithera. Patapita ma move ochepa tinasinthana ma queen, ine n'kutsala wopereweredwa hatchi, ndipo ndinaluza. Aka si koyamba. Mfumu ya mnzanga ikakhala pamtetete ndimaithamangitsa mpaka kundipulumuka. Kodi ndisiye zopereka nsembe zida? Mwina ineyo si munthu wa attack?"

Achimwene, khazikani mtima pansi. Aliyense amene wasewera magemu ambiri a mpikisano mfumu inam'pulumukapo m'manja, ena kambirimbiri. Ndiyambe n'kukuchotsani mlandu umene mukudziimba: 6.Nxf7 si move yolakwika. Imeneyi ndi Fried Liver Attack, ndipo anthu akhala akuisewera kuyambira nthawi ya Giulio Cesare Polerio, katswiri wa chess wa ku Italy, zaka zoposa 400 zapitazo. Mpaka lero osewera amphamvu akakhala ndi zakuda amaizemba. Pa move yachisanu amasewera 5...Na5 m'malo mwa 5...Nxd5, chifukwa palibe amene amafuna mfumu yake izionekera pa e6 gemu ikungoyamba kumene. Choncho kufika pa move 7 munali pabwino. Gemu inakuthawani pa move 8, ndipo chimene chinakupwetekani ndi macheki aja.

Yalani bolodi, tione ulendo umene mfumu yakuda inayenda: e6, e7, e8. Inabwerera kwawo, ndipo woiperekeza munali inu. Cheki yoyamba, 8.Qh3+, inaichotsa pa e6 pomwe inali pamoto. Itangosuntha, bishopu wa pa c8 anatseguka n'kuloza queen wanu pa h3, komanso hatchi ya pa d5 imene munaimangirira ndi bishopu wa pa c4 inamasuka. Cheki yachiwiri inaikankhira pa e8, queen wake n'kuyang'anizana ndi wanu, kukuitanirani kuti musinthane. Yachitatu inangom'patsa g6. Pomaliza queen wanu anabwerera pa f3 pomwe anachokera. Ma move anayi anapita ndi chida chimodzi, ndipo nthawi yonseyo hatchi ya pa b1, bishopu wa pa c1 ndi ma rook onse awiri anali chigonere.

Mukukumbukira mmene timagwirira nkhuku kumudzi kukabwera alendo? Mwana mmodzi akati aithamangitse yekha, amazungulira nayo nyumba katatu, thukuta lili kamukamu, nkhuku n'kukalowa kunsi kwa nkhokwe. Amayi oidziwa ntchitoyi sathamanga. Amaitana ana atatu kapena anayi, wina aime uku, wina atseke mpata wa kumpanda, kenako n'kumaifinyira pakona pang'onopang'ono. Queen wanu anali mwana woyamba uja.

Move yofunika pamenepo ndi 8.Nc3. Ilibe cheki, sikudya chilichonse, n'chifukwa chake maso a munthu amene mtima ukuthamanga amaidumpha. Koma taonani ntchito yake. Hatchi ya pa d5 singasunthe chifukwa kumbuyo kwake kuli mfumu. Tsopano ikumenyedwa katatu, ndi bishopu, queen ndi hatchi yanu, pomwe oiteteza ndi awiri okha, queen wa pa d8 ndi mfumu yomweyo. Mfumu yasanduka mlonda wa hatchi, ndiye singachoke pa e6 popanda kubweza chida chimene munapereka. Mwaikhomera pakati pa bolodi osaimenya cheki n'kamodzi komwe. Wa zakuda ayenera kuwonjezera woteteza, kawirikawiri ndi 8...Nb4 kapena 8...Ne7. Akasewera 8...Nb4, njira imodzi yodziwika ndi 9.O-O c6 10.d4. Castling yabisa mfumu yanu n'kuyandikizitsa rook ku mzere wa e, ndipo d4 yatsegulira bishopu wa pa c1 uku ikugwedeza pawn ya pa e5, imene ndiyo chitseko chokhacho pakati pa mfumu yakuda ndi mzere wa e. Akangodya 10...exd4, rook imabwera pa e1 ndi cheki, ndipo cheki imeneyo ndiyo yaphindu, chifukwa ikulowetsa chida chatsopano pankhondo. Sindikukulonjezani kuti mukatero mwawina basi. Wodziwa kuteteza amalimba ndithu pamenepa. Koma ndiye amene akutuluka thukuta, ndipo wotchi imene ikudyeka ndi yake.

Funso limene ndimafuna ophunzira anga azidzifunsa asanagwire chida chomenyera cheki ndi ili: ndikamenya, mfumu ipita pati, ndipo kumeneko ikhala pabwino kapena poipa kuposa pomwe ili pano? Ngati ikhala pabwino, chekiyo isungeni. Cheki ili ngati chipolopolo, ikatuluka siibwerera. Nthawi zambiri mphamvu yake imakhala yaikulu isanamenyedwe, chifukwa mnzanu amayenera kuiwerengera pa move iliyonse imene akufuna kusewera.

Tsopano za kuwerenga. Tonse tinaphunzira kuti pawn ndi 1, hatchi ndi bishopu 3, rook 5, queen 9. Powerenga motero, mutapereka hatchi n'kudya pawn munatsalira ndi 2. Koma mfumu ikakhala pamtetete pamafunika kuwerenga kwina: ndi zida zingati zanga zimene zingafike pafupi ndi mfumuyo m'ma move awiri, nanga zake zoiteteza ndi zingati? Rook imene ili pa a8 yotsekeredwa ndi bishopu wake, pankhondo ya lero ndi ziro. Vuto n'lakuti rook yanu ya pa a1 nayonso ndi ziro mpaka mutaidzutsa. Nsembe imakugulirani nthawi yochepa, mwina ma move atatu kapena anayi, pomwe mnzanu ali kalikiliki kusamalira mfumu. Mukaigwiritsa ntchito nthawi imeneyo kudzutsa ogona anu, mumafika pankhondo ndi zida zinayi kapena zisanu polimbana ndi ziwiri. Mukaithera pa macheki a queen, iye ndiye amadzutsa ake. Ine ndikaona kuti ondithandiza sakuposa oteteza ndi awiri, ndimadziwa kuti nthawi yolumpha sinakwane.

Gemu imene imaphunzitsa bwino zimenezi ndi ya Paul Morphy wa ku New Orleans, imene anasewera ku Paris mu 1858 ali ndi zaka 21, m'nyumba ya opera zisudzo zili mkati, polimbana ndi Duke Karl wa ku Brunswick ndi Count Isouard amene ankathandizana. Ndi ya ma move 17 okha, ndipo ndikufuna muiloweze pamtima: 1.e4 e5 2.Nf3 d6 3.d4 Bg4 4.dxe5 Bxf3 5.Qxf3 dxe5 6.Bc4 Nf6 7.Qb3 Qe7 8.Nc3 c6 9.Bg5 b5 10.Nxb5 cxb5 11.Bxb5+ Nbd7 12.O-O-O Rd8 13.Rxd7 Rxd7 14.Rd1 Qe6 15.Bxd7+ Nxd7 16.Qb8+ Nxb8 17.Rd8 mate. Anthu amaikonda chifukwa cha queen amene anaperekedwa pa move 16, koma ine ndimaimitsa ana pa ma move atatu ena. Pa move 8 pawn ya pa b7 inali yodyeka, Morphy anaisiya n'kutulutsa hatchi, move yomweyo ya Nc3 imene inu munaidumpha. Pa move 12 anachita castling ku mbali ya queen, rook n'kugwera pa mzere wa d nthawi yomweyo. Pa move 14 anabweretsa rook yotsala, chida chomaliza chimene chinali chisanagwire ntchito. Cheki yake yoyamba inabwera pa move 11. Pamene mate imagwa anali atatsala ndi rook ndi bishopu basi, kupatula ma pawn, pomwe adani ake anali ndi queen, rook, bishopu ndi hatchi. Koma bishopu wa pa f8 ndi rook ya pa h8 anali asanasunthepo chiyambire gemu.

Pali chinanso chimene tiyenera kugwirizana: kodi mfumu ya pamtetete ndi iti? Ambiri amaganiza kuti ndi mfumu iliyonse imene yatuluka m'khola la ma pawn ake. Ayi. Mfumu imakhala pangozi pokhapokha pali zida zoti ziifikire ndi mizere yotseguka yoti zidutsemo. Ku Tilburg mu 1991 Nigel Short, akusewera ndi Jan Timman, ma queen ndi ma rook onse ali pabolodi, anatenga mfumu yake n'kuyamba kuyenda nayo dala: h2, g3, f4, g5. Zida za Timman zinali zomangika ndi ntchito yoteteza moti panalibe choti n'kuikhudza. Itafika pa g5 pa move 34 Timman anagonja, chifukwa imapita pa h6 kukathandiza queen kumenya mate pa g7, ndipo ngakhale kudya rook ya Short imene inali pa d7 sikukanaletsa zimenezo. Mfumu imeneyo inali pambalambanda koma sinali pangozi. Ndiye musanataye chida chifukwa mwaona mfumu yatuluka, yang'anani kaye pakati pa bolodi. Ngati ma pawn atsekerana ndipo mulibe pawn yoti mugumulire nayo, mfumu ikhoza kukhala pa e7 tsiku lonse osaona vuto. Ikakhala pakati ndipo inu muli patsogolo potulutsa zida, ntchito yoyamba ndi kutsegula mizere ya d ndi e, ngakhale pawn imodzi ipite.

Musandimve ngati ndikuti macheki ndi oipa. Ilipo gemu imene inathera pa macheki okhaokha. Ku London mu 1912 Edward Lasker, akusewera ndi George Thomas, anapereka queen ndi 11.Qxh7+ ndipo zinatsatira ndi izi: 11...Kxh7 12.Nxf6+ Kh6 13.Neg4+ Kg5 14.h4+ Kf4 15.g3+ Kf3 16.Be2+ Kg2 17.Rh2+ Kg1 18.Kd2 mate. Macheki asanu ndi atatu otsatizana. Kusiyana kwake ndi anu n'kotani? Onani kumene mfumu imalowera. Inachoka pa g8 n'kukafera pa g1, m'nyumba mwa mdani. Cheki iliyonse imaikokera kutsogolo, kutali ndi abale ake, kufupi ndi ma pawn ndi ma rook a zoyera amene sanafunike kuyenda kutali, nyama inawapeza pakhomo. Ndipo khomo lobwerera linali litatsekedwa kale. Pa move 12 cheki inali yapawiri, ya hatchi ndi ya bishopu wa pa d3, ndipo mfumu ikanati ibwerere pa h8, 13.Ng6 inali mate pomwepo. Anu aja amaikankhira kwawo. Awa amaikokera kuchigwembe.

Amene munakumbapo mbewa mukudziwa kuti usanayambe kukumba una umayamba wafufuza mbuli n'kuitseka, apo ayi ukumba mpaka dzuwa kulowa mbewa zitatulukira kale kuseri. Pabolodi n'chimodzimodzi. Mfumu ili ndi mabokosi osaposa asanu ndi atatu oizungulira. Awerengeni limodzilimodzi: ili muli chida chake chomwe, ili ndalitseka ndi bishopu, ili ndi lotseguka. Lotsegukalo ndiyo mbuli. Move imene ikutseka bokosi limenelo, ngakhale ikhale ya pawn, nthawi zambiri imaposa cheki iliyonse imene ilipo pabolodi, chifukwa ikatsekedwa mbuli cheki yotsatira imakhala mate.

Ma move achete oterewa ndi amene amasiyanitsa osewera. Gemu ya Garry Kasparov ndi Veselin Topalov ku Wijk aan Zee mu 1999 imatchuka chifukwa cha 24.Rxd4, pomwe Kasparov anapereka rook, ndiponso chifukwa mfumu ya Topalov inathamangitsidwa kuchoka pa a7 mpaka kukafika pa d1. Koma mukaiyala, mupeza kuti pakatikati pa liwirolo Kasparov amaima. Mfumu ili pa a4, iye wapereka kale zida, anasewera 28.Qc3, yopanda cheki, yongoopseza mate pa b3. Move yotsatira, 29.Ra7, inalibenso cheki. Chakumapeto, mfumu ili pa d1, anasewera 36.Bf1, kubweza bishopu kumzere woyamba. Pamafunika mtima wolimba kuti munthu amene watsalira rook asewere move yopatsa mnzake mpata wopuma. Chimene chimam'limbitsa n'chakuti wawerenga ndipo waona kuti mpatawo mnzakeyo alibe chochita nawo. Poyeserera, mukapeza malo amene macheki akuoneka kuti sakufika, dzifunseni kuti: ndikanakhala ndi ma move awiri otsatizana, ndikanasewera ati kuti ikhale mate? Yoyamba mwa awiriwo kawirikawiri ndiyo move yachete imene mukuifuna.

Tiyeni tikhaleko mbali inayo ya tebulo, chifukwa woukira wabwino amadziwa zimene wothawayo akulakalaka. Choyamba akufuna kusinthana ma queen. Mnzanu uja anachita zomwezo, ndipo anachita bwino. Ma queen akachoka, mfumu imene inali pangozi pakati pa bolodi imasanduka chida champhamvu, chifukwa mu endgame, zida zikatsala zochepa, mfumu imafunika pakati pomwepo. Choncho pa move iliyonse yang'anani ngati ali ndi njira yoika queen wake moyang'anizana ndi wanu, makamaka ndi cheki kapena ndi pin (kumangirira chida kuti chisasunthe) imene ingakukakamizeni kusinthana. Kusinthana kwina n'kwabwino: ngati hatchi yanu ikuchotsa chida chokhacho chimene chikulondera mfumu, sinthanani msanga. Akufunanso kukubwezerani chida chanu pa nthawi yomukomera iye, kuti moto uzime. Zikatero musakhumudwe, werengani zimene zatsala. Nthawi zambiri mumapezeka mwabweza chida chanu muli ndi pawn yapamwamba komanso zida zokhala pabwino, ndipo imeneyo ndi gemu yowina ngakhale itenge ma move ena 30.

Apa ndi pomwe achinyamata ambiri amagwa, chifukwa mumtima anaika kuti attack iyenera kuthera pa mate. Emanuel Lasker (osati Edward uja), amene pambuyo pake anakhala katswiri wa dziko lonse kwa zaka 27, anasewera ndi Johann Bauer ku Amsterdam mu 1889 n'kupereka mabishopu onse awiri, wina pa h7 wina pa g7, kuti avule mfumu ma pawn ake. Kenako anakweza rook kudzera pa f3 kupita pa h3. Bauer anapewa mate popereka queen wake. Lasker sanaumirire kusaka mate imene kunalibe. Anasewera 22.Qd7, kumenya mabishopu awiri a Bauer nthawi imodzi, n'kudya mmodzi, n'kuwina gemu ndi zida zochuluka. Mfumu ikakhala pamtetete zida zinzake zimasiyidwa zopanda mlonda, ndipo queen amene akumenya cheki uku akuloza chida china amakolola zambiri. Diso limodzi likhale pa mfumu, linalo pa zida zimene zili zokha. Muonenso njira imene rook inadzera, kukwera pa mzere wachitatu n'kudutsa chopingasa kutsogolo kwa ma pawn ake. M'magemu a ophunzira anga rook ndiyo imachedwa kufika pankhondo kuposa chida china chilichonse, ndipo njira imeneyi ndiyo yachidule.

Mwafunsa ngati musiye nsembe. Musasiye, koma nsembe iliyonse izikhala ndi mafunso ake. Titenge yodziwika kwambiri, ya bishopu pa h7 mfumu itachita castling: Bxh7+ Kxh7, Ng5+, kenako queen kubwera pa h5. Imagwira ngati hatchi yanu ingakhale pa g5 osadyedwa, ngati queen ali ndi njira yofikira pa h5, ndipo ngati mnzanu alibe hatchi yoti ibwere pa f6 kapena bishopu woti abwere pa f5 kudzateteza h7. N'chifukwa chake imakonda kugwira mukakhala ndi pawn pa e5. Ndipo muyenera kuwerenga mayankho onse a mfumu, osati Kg8 yokha. Ambiri amaiwala Kg6, pomwe mfumu imatuluka dala kudzaopseza hatchi, ndipo ndi pamenepo pomwe nsembe zosawerengedwa bwino zimafera. Chimodzi mwa zinthuzi chikasowa, bishopu wanu wapita ulele.

Ndikuuzeni zimene zinandichitikira ine, chifukwa ndi zimene zinandisintha kaseweredwe. Zaka zambiri zapitazo, pampikisano wina ku Lilongwe, ndinakumana ndi bambo wina wachikulire amene ankasewera modekha kwambiri. Ndinapereka hatchi, mfumu yake n'kutuluka mpaka mzere wachisanu. Anthu anayamba kuunjikana patebulo lathu, ndipo ndinamva kuti ndiyenera kumaliza mokongola iwo akuona. Panali move ya pawn yotseka bokosi limodzi lomwe linatsala. Ndinaiona, koma ndinaiona ngati yochedwa, ndiye ndinamenya cheki ndi rook. Mfumu inadutsa pa bokosi lomwelo n'kukabisala kuseri kwa ma pawn a mbali ya queen. Choipa kwambiri, rook imene ndinamenyera cheki ndiyo imalondera mzere wanga woyamba, ndipo ma pawn atatu a kutsogolo kwa mfumu yanga anali asanasunthe. Patapita ma move ochepa mate inagwera ine. Titatha, bambo aja anabweza zida pamalo paja, n'kukankha pawn ija ndi chala chimodzi, osanena kanthu. Zinandipweteka kwa masabata, koma kuyambira tsiku limenelo sindiyamba attack ndisanayang'ane mfumu yanga. Inunso muzitero: musanatumize rook yomaliza kutsogolo, funsani kuti akapeza move imodzi yaulere, angandichite chiyani? Nthawi zina h3 imodzi yopatsa mfumu yanu potulukira ndiyo imakulolani kumenya nkhondo ndi manja onse awiri.

Za wotchi ndinene mwachidule. Nthawi yanu yambiri izipita pa move ya nsembe ndi ma move awiri kapena atatu otsatira, chifukwa ndi pomwe gemu imagamulidwa. Ndikukayika ngati 8.Qh3+ munaiganizira ngakhale mphindi imodzi. Pa gemu ya mphindi 90, kukhala mphindi 15 pamalo ngati amenewo si kuwononga. Khalirani manja ngati n'kofunika, popeza lamulo ndi lakuti chida ukachigwira uyenera kuchisuntha. Ndipo powerenga nsembe, yang'anani ngati zitavuta muli ndi macheki osatha oti mupulumukire. Theka la point limaposa ziro, makamaka pampikisano wa matimu. Malo omwewo akamabwera kachitatu, mwa malamulo a FIDE, bungwe loyendetsa chess padziko lonse, mumalemba move yanu papepala osaisewera, n'kuimitsa wotchi, n'kuitana arbiter, woweruza wa mpikisano, kuti mupemphe draw. Ndaonapo ana akusewera move ija kaye kenako n'kumakangana, mwayi utadutsa.

Nanga muyeserere bwanji? Pa Lichess, malo aulere osewerera chess pa intaneti, ma puzzle anagawidwa m'magulu, ndipo alipo a exposed king ndi a quiet move. Chitani ochepa patsiku, asanu kapena khumi, koma osagwira chida mpaka mutaona mapeto ake m'mutu. Kungoyesa move kuti muone ngati foni ivomere n'kumene kumabala chizolowezi chomenya cheki mosaganiza. Blitz ya pa intaneti, magemu a mphindi zochepa aja, ichepetseni pakadali pano. Kumeneko macheki opanda pake amawinitsa chifukwa mnzanu nthawi imam'thera, ndiye dzanja limaphunzira zolakwika, n'kukazichita pa gemu yaitali pomwe mnzanu ali ndi nthawi yokwanira yopezera pothawira.

Pali pomwe kudziphunzitsa nokha kumathera. Mwanena kuti aka si koyamba, ndiye sonkhanitsani mapepala a magemu anu onse amene munali ndi attack n'kuluza, asanu kapena kuposerapo. Yambani mwawaunika nokha pabolodi, kulemba pomwe mukuganiza kuti zinakhota, musanatsegule Stockfish, pulogalamu ya pakompyuta younika magemu. Kompyuta imakuuzani move yabwino koma siikuuzani chifukwa chimene maso anu anaidumphira. Chimenecho angakuuzeni ndi munthu amene wakhala nanu pansi n'kukufunsani kuti apa mumaganiza chiyani. Mukaona kuti cholakwika chomwecho chikubwera m'magemu atatu, kapena mwakhala miyezi isanu ndi umodzi mukuyeserera koma zotsatira sizikusintha, pezani mphunzitsi kapena wosewera wamphamvu kukuposani. Ngati kwanuko simukudziwa kalabu, funsani a bungwe la Chessam, loyendetsa chess m'Malawi, kapena oyendetsa mpikisano umene mudzapiteko, adzakulozerani. Ndipo gemu ikatha, ngakhale mwaluza mowawa, m'pempheni amene wakugonjetsaniyo kuti muibwereze limodzi. Iye ndiye akudziwa move imene amaiopa, ndipo nthawi zambiri mudzadabwa kumva kuti imene amaiopayo inu simunaiganizireko n'komwe.

Ntchito ya sabata ino ndi iyi. Pezani mnzanu wa mphamvu zofanana nanu, muyale malo aja a pambuyo pa 7...Ke6, musewere 8.Nc3, ndipo mupitirize gemu ndi wotchi, mphindi 20 aliyense. Sewerani kanayi, kawiri muli ndi zoyera, kawiri muli ndi zakuda, kuti mulawenso mmene zimamvekera kukhala ndi mfumu pa e6 mnzanu akubweretsa chida chatsopano pa move iliyonse. Mukakhala ndi zoyera dziikireni lamulo limodzi la masiku amenewa okha: queen asamenye cheki mpaka hatchi, bishopu wa pa c1 ndi rook imodzi zitalowa pankhondo, pokhapokha ngati chekiyo ikudya chida kapena mwaiwerenga mpaka pa mate. Lembani ma move onse, ndipo munditumizire magemu anayiwo kuti tidzawaone limodzi.